Jenifa Asadzutse Nyumba Yanga

Lolemba, 14 Epulo 1997

Anandigoneka dzulo. Chipatala cha mishoni, wodi ya amayi, bedi la pafupi ndi zenera. Kopeli linali la masamu a Sitandade 3, koma a Chikadza, adokotala amene amatiyendera m'mawa, akuti ndizilembamo zimene zikundichitikira chifukwa akandifunsa ndikumayankha zosiyana. Dzulo ndinawauza kuti mutu unayamba kupweteka mu Febuluwale, lero ndati mu Malichi. Jenifa, mng'ono wanga, akuti unayamba tisanatsekere Khirisimasi. Iye ndiye gadiyani wanga, ndipo zikuoneka kuti za mutu wanga akuzidziwa kuposa mwini wakene.

Ndiyambe ndi zimene ndikudziwa. Ndine Anna, mphunzitsi ku Nathenje. Lachisanu ndinagwa m'kalasi, ndiye kuti pansi pa mtengo umene timautcha kalasi chiyambire sukulu yaulere. Ndinali kulemba pa bolodi, manambala anayamba kuoneka awiriawiri, kenako ndinangodzidzimukira ku chipatala chaching'ono, lilime nditaliluma, diresi itanyowa. Ana akuti anathawa onse poopa kutengera khunyu. Zaka zonsezi ndikuwaphunzitsa zaumoyo, phindu lake ndi limenelo.

Dzanja lamanzere likulemera. Mwayi wake ndimalembera lamanja.

Lachiwiri, 15 Epulo

Andichotsa madzi a pamsana. Amayi anafika m'mawa kuchokera kumudzi, ndipo atangomva anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira ngati ndafa kale. "Anna, usalole. Wa kwa Chadza uja anamuchotsa Lachitatu, Lachisanu tinali kumanda." Ndinawauza kuti munthuyo anafika kuchipatala atatha kale. Sanamve. Ndasaina ndekha.

Anandipinda ngati bongololo, Jenifa atandigwira mawondo. Singanoyo sindinaione, ndipo zili bwino choncho. Madzi ake oyera ngati a mvula. A Chikadza anati akutuluka mothamanga, kusonyeza kuti m'mutu mwadzaza. Chodabwitsa, madzulo mutu unapepukako. Amayi akuti ndi mapemphero awo.

Sisitala Edith, namwino wa mu wodi muno, anatseka katani n'kundifunsa monong'ona ngati ndingalole kuti ayeze magazi anga "pa zinazi". Ndati yezani.

Lachinayi, 17 Epulo

Zotsatira zabwera. Si malungo. M'madzi muja apezamo tizirombo towerengeka tofanana ndi ta TB, ndiye akuti ndi TB ya mu ubongo. Ine ndinkadziwa ya chifuwa yokha. Ndinati, "Koma sindikutsokomola." A Chikadza anati imeneyi sisankha, imalowa paliponse pamene yapeza chitseko chosatseka.

Mankhwala: jakisoni wa sitireputomaisini m'mawa uliwonse kwa miyezi iwiri, ndili konkuno. Mapiritsi a TB a mitundu itatu ndisanadye kanthu. Ofiirawo akuti afiiritsa mkodzo, ndisadabwe. Peredinisoloni wochepetsa kutupa m'mutu. Fenobabitoni madzulo kuti ndisagwenso. Madzi ena atumiza ku Lilongwe kuti akawafese m'botolo aone chimene chimere, ndipo zimatenga masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa. Ndati ndiye ndi nazale ya fodya imeneyo. Anaseka.

Za magazi zatulukanso. Kachirombo ka edzi ndili nako. Sindinalire. Ndinangokumbukira Madalo, mwana wanga wachiwiri, amene anatisiya asanayambe kuyenda, ndi mashingozi amene anagwira bambo ake chaka chatha. Mtima unkadziwa kale, makutu okha ndi amene anali asanamve.

Loweruka, 19 Epulo

Abwera a Gilibati, amuna anga, fungo la fodya lili patsogolo. Ino ndi nyengo yosankha fodya, ndiye kusiya chigafa ku Mitundu n'kufika kuno ndi chikondi ndithu, ndisawanamizire. Abweretsa mbatata, shuga ndi nkhuku yamoyo imene yamuvutitsa Jenifa kukhichini ya magadiyani. Mwana wathu Yankho ali bwino, akukhala ndi agogo ake konko, dzino lapatsogolo akuti laguluka.

Jenifa atatuluka ndinawauza za magazi. Anayang'ana kukhomo kaye, kenako pansi.

"Mwauza ndani?"

"Inu nokha."

"Zithere pompano. Anthu amve za TB basi."

Ndinati nawonso akayezetse, chipinda chake ndi chomwechi pakhondepa. Anadzimenya pachifuwa. "Thupi ili? Munthu wodwala anganyamule belo yekha?"

Kuti kachiromboko anakabweretsa m'nyumba ndani, sindinafunse ndipo iwo sanafunse. Funso limenelo silingandichotsere jakisoni ngakhale mmodzi.

Lachitatu, 23 Epulo

Thupi kutentha, kusanza kawiri. Matako atupa ndi jakisoni, Jenifa akuwathowa ndi kansalu ka madzi otentha.

Kumanja kwanga kuli a Nachisale, ogulitsa tomato pamsewu ku Nathenje. Yawo ndi TB ya msana. Miyendo yawo yakana, koma pakamwa pali bwinobwino. Ali chigonere amadziwa gadiyani amene waba nkhuni za mnzake ndi amene wayamba kusekerera mlonda wa pageti. Amanditcha "aphunzitsi" ndipo akuti mdzukulu wawo ndinamukwapulapo. N'kutheka.

Bedi la kumanzere lasintha anthu kawiri chibwerere changa. Onse anatuluka ataphimbidwa.

Lamulungu, 27 Epulo

Amayi a Chigwirizano a mpingo wathu anabwera ndi malaya awo oyera, anaimba, anasiya sopo ndi nthochi. Mmodzi anafunsa mokweza kuti, "Koma ndi TB yokhayokha?" Ndinatseka maso ngati ndikupemphera mpaka anapita.

Ndilembeko za Jenifa, poti pamaso pake sindingamuyamike, angadzimve. Amandisambitsa kusanatenthe, amachapa, amaima pa mzere wa mankhwala, amaphika phala la nsinjiro, amagona pamphasa pansi pa bedi langa. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ndinamutenga kumudzi ali Sitandade 5, JC anakhoza, ndipo ndinamulonjeza kuti chaka chino abwerera kusukulu akayambe Fomu 3. Lero ndamukalipira chifukwa phala linali lamadzi. Anangoti, "Mukachira mudzaphika nokha, achemwali." Mwano umenewu anautengera kwa ine.

Lachisanu, 2 Meyi

Kuiwala kwakula. Ndadya phala, patapita kanthawi ndayamba kukalipa kuti akundimana chakudya, mpaka Jenifa anachita kundionetsa mbale yakuda. A Chikadza amandifunsa m'mawa uliwonse kuti lero ndi lachingati, ndili kuti, mwana wanga dzina lake ndani. Tsikulo ndimaonera m'kope iwo asanafike. Mwana wa sukulu akanachita zimenezi ndikanamupatsa chibalo.

Akuti ndi kutupa kwa m'mutu. Zakale ndikukumbukira zonse, ngakhale nyimbo za ku Sande sukulu. Za dzulo ndi zimene zikutayika ngati madzi m'dengu.

Loweruka, 3 Meyi

A Gilibati abwera ali mweee, agulitsa mabelo oyamba ku okushoni. Ine andibweretsera Fanta ndi buledi. Jenifa amubweretsera chitenje chatsopano ndi nsapato zofiira. "Mlamu wagwira ntchito, tisamuiwale." Zoona wagwira. Koma saizi ya phazi lake anaidziwa bwanji? Yanga, zaka khumi tili m'banja, sanaidziwepo.

A Nachisale anatsokomola, chonsecho TB yawo si ya chifuwa.

Lachitatu, 7 Meyi

Dzulo ndinagwanso, nthawi ya alendo. Sindikukumbukira kanthu. Anandibaya jakisoni woletsa kuphupha ndipo awonjezera fenobabitoni. Panali amayi ndi atsibweni anga a Jones, amene ndi ankhoswe a banja langa.

Zimene ndilembe apa andiuza ndi a Nachisale, ndipo ndikulemba msanga zisanandithawe. Akuti nditagona tulo ta jakisoni, Jenifa atapita kukachapa zofunda, awiriwo anakhala m'mphepete mwa bedi langa n'kumakambirana. Atsibweni anati, "Achemwali, apa tisanamizane, mwanayu akupita. Mkamwini ngati uyu sitingamutaye. Jenifa adzadzutse nyumba." Amayi akuti analira, kenako anati ndi bwino, Yankho asadzaleredwe ndi mkazi wachilendo. A Gilibati akuti anavomera kale.

Chidzutsanyumba. Mkazi akamwalira, abale ake amapereka mng'ono wake kwa mwamunayo kuti nyumba isagwe. Ine ndinkayesa kuti kwathu zinatha ndi agogo athu.

Zondiika m'manda ndikupumabe ndawakhululukira, mwina sakunama. Koma Jenifa akalowa m'nyumba imeneyo, pakatha zaka zochepa adzagona pabedi lino, ndipo sipadzakhala mng'ono wina womusambitsa. Ndili ndi mantha kuposa amene ndinali nawo pa singano ya pamsana.

Lachisanu, 9 Meyi

Tsiku loipa. Akuti ndinkauza Sisitala Edith kuti atulutse mbuzi zimene zalowa mu wodi, ndipo ndinkawaitana dzina la azakhali amene anamwalira kalekale. Amayi analipo, anaona zonse.

Lamulungu, 11 Meyi

Mutu unadzuka bwino, ndiye ndinaitana amayi ndi atsibweni. Ndinawauza mosazungulira kuti za Jenifa ndamva, sindikuzifuna, magazi anga ali ndi kachirombo ndipo a Gilibati ayenera kuti ali nako.

Amayi anandisisita pamphumi. "Gona mwana wanga, ndi mutu umenewu. Dzana unkaona mbuzi."

Atsibweni anaseka pang'ono. "Nsanje sidwala, eti? Munthu uli gone chonchi koma ukulondabe mwamuna."

Ndinakuwa. Ndikudziwa kuti ndinalakwitsa, chifukwa munthu akamakuwa kuti sanapenge m'pamene anthu amatsimikiza kuti wapenga. Anatuluka akupukusa mitu. Akanakhala kuti akundida zikanandipepukira. Akundimvera chisoni, ndipo munthu womumvera chisoni sam'mvera zonena zake.

Lachiwiri, 13 Meyi

M'makutu mwayamba kulira nyenje. A Chikadza akuti ndi jakisoni, achepetsako mlingo. Dzanja lamanzere silikugwira kapu, mwendo wa mbali yomweyo wayamba kukoka. Pa sikelo ndatsikanso.

Ndawapempha kuti auze abale anga ndi pakamwa pawo, poti mawu anga sakumveka. Akuti za magazi anga anganene ngati ndalola ine. Za magazi a munthu amene sanayezedwe sanganene, ngakhale atakhala kuti akuganiza zimene ndikuganiza. Ndati nenani zangazo, zinazo adzawonkhetsa okha, si ana.

Loweruka, 17 Meyi

Awonkhetsa, koma ansala yatuluka ina.

A Chikadza anatiitanira m'kachipinda: amayi, atsibweni ndi ine pa chikuku. A Gilibati sanabwere, akuti jeke yopanira fodya aipeza lero lomwe. A Chikadza anayamba andifunsa tsiku, mwezi, dzina la sukulu yanga, ndipo ndinakhoza zonse osaonera. Kenako anati, "Mwamva nokha, lero mutu wawo uli bwino. Zimene anakuuzani za magazi awo ndi zoona." Anafotokoza mmene kachiromboka kamayendera, n'kunena kuti mwamuna wa munthu wotere ayenera kuyezetsa asanayandikire mkazi wina aliyense.

Atsibweni anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Mumtima ndinati zatheka. Kenako anatsegula pakamwa.

"Ndiye kuti tamulakwira mwana wa eni ake. Tinamupatsa mkazi, mkaziyo boma linakamuika pa Nathenje payekha, pamsewu poima malole, wakatola zimenezi. Mwamunayo thupi lake tonse tikuliona. Apa ndiye tiyenera kumupepesa ndithu, asanatitengere kubwalo."

A Chikadza anayesa kuwabweza. Atsibweni anati, "Adokotala, za mankhwala ndi zanu, za banja ndi zathu." Amayi sanandiyang'ane mpaka tinatuluka.

Poyamba Jenifa anali woti akalere mwana. Tsopano wasanduka chipepeso, ndipo chipepeso sachedwa nacho. Ndimati ndimutchinge, koma ndamukankha ndine. Ndapsa mtima, ndipo sindikudziwa kuti ndikupsera ndani.

Lolemba, 19 Meyi

Sindinadye. Andiika dilipi.

Lachinayi, 22 Meyi

Amayi sakundilankhula, amangoika chakudya n'kukakhala panja. Nkhani yafika kukhichini. A Nachisale akuti gadiyani wina wakana kumubwereka Jenifa mthiko.

Ndalankhula naye pamene amandipesa tsitsi, poti kumbuyo kwa mutu kulibe maso oti tichitirane manyazi.

"Ndikudziwa, achemwali. Amayi anandiuza tsiku limene munagwanso lija."

"Ndiye iwe ukuti bwanji?"

"Ine nditi bwanji? Atsibweni anena. Ndikakana ndikalowera kuti? Nyumba ya kusukulu ija inu mukapanda kubwerera ailanda."

Ndinamufunsa ngati nayenso akuganiza kuti ndapenga.

"Masiku ena mumapengadi. Koma malaya a alamu a nthawi ya mashingozi ija ndinkachapa ndine."

Chipeso chinaima. Ndinamva dontho pakhosi panga. Sindinacheuke, iye anapitiriza kupesa mokoka mpaka ndinamutukwana.

Lolemba, 26 Meyi

Mutu ukugunda kuyambira m'mawa. Achotsanso madzi a pamsana kuti upepuke. Ulendo uno amayi sanaletse.

Lachinayi, 29 Meyi

Nazale ija yamera. Dokotala wamkulu wabwera yekha ndi pepala la ku Lilongwe, a Chikadza akumasulira ngakhale Chingerezi ndimamva. Akuti si TB yeniyeni. Ndi msuweni wake, tizirombo ta mtundu womwewo timene timakhala m'dothi ndi m'madzi. Aliyense amakumana nato, koma munthu wa chitetezo chokwanira m'thupi sitimuchita kanthu. Zoti tifike mu ubongo n'zosowa kwambiri. Dokotalayo akuti ankangoziwerenga m'mabuku, kuona ndi maso n'koyamba. Ndati ndiye ndakhala nambala wani. Palibe anaseka.

Mankhwala amene ndakhala ndikumwa amatigwira pang'ono chabe. Oyenerera kuno kulibe, ndipo ngakhale atapezeka, chimene chatha ndi chitetezo changa. Jakisoni asiya, makutu apumule. Awonjezera piritsi lina, ethambutolo, akuti ndizinena ngati maso asintha. Maso ake atiwo.

Ndinafunsa kuti kwatsala nthawi yaitali bwanji. Anati sangadziwe, koma kuiwala kuzikulirakulira. A Chikadza anatsalira pang'ono anzawo atapita. "Mayi, ngati pali zoti mukonze, konzani pamene mutu ukulola."

Lamulungu, 1 Juni

Jenifa akuti a Gilibati anabwera dzulo, anakhala nthawi yaitali, ndinadya nawo chinangwa. Sindinalembe, ndiye kwa ine sanabwere. Ndafufuza m'mutu monse, mulibe ngakhale fungo la fodya. Zafika pamenepo tsopano: chimene sindinalembe, m'mawa kulibe.

Amayi alankhula lero, koma ankauza khoma. Akuti Loweruka likubwerali Jenifa apite ku Mitundu akathandize kusankha fodya ndi kusamala Yankho, ugadiyani autenga iwo. Sakudikira n'komwe maliro. Nyumba ya ku Mitundu ndimaidziwa, ndinaizira ndi manja angawa. Yankho sagona m'menemo, amagona kwa agogo ake.

Lachiwiri, 3 Juni

Kufooka. Ndikulemba diso limodzi nditatseka. Ndapemphera koma ndinaiwala pamene ndinayambira. Loweruka layandikira.

Lachinayi, 5 Juni

Lero kwabwera mlendo kudzandizonda, wochokera kutali. Dzina lake sindilemba. Kumene amakhala sindilemba. Ndingolemba kuti ndi munthu amene ndingamusiyire mwana, ndipo kwawoko kuli sukulu. Amayi anali atapita kuchigayo, mutu wanga unali woyera, ndiye ndinamuuza zonse kuyambira pa magazi mpaka pa Loweruka. Anamvetsera osandidula. Atatha anangofunsa kuti, "Mtsikanayo akufuna?" Agona kwa anzake pafupi pano, m'mawa adikira pokwerera basi.

Mtsikanayo ndiye anavuta. Analira ndi ukali.

"Akusambitsani ndani? Amayi ndi msana wawo uja angakunyamuleni?"

"Ndinunkha. Kununkha sikupha."

"Nanga Yankho?"

Apo ndiye anandilasa. Amayi sanalakwe zonse: Jenifa akapita, mwana wanga adzaleredwadi ndi mkazi amene sindikumudziwa. Ndinamuona Yankho ndi kampata ka dzino kaja akutumidwa kumadzi anzake akupita kusukulu. Ndinatsala pang'ono kunena kuti chabwino, khala.

Ndinati, "Yankho ali ndi bambo, ali ndi agogo awiri. Chimene adzasowe ndi mayi wamng'ono amene adzakhale ali moyo iye akadzatha msinkhu. Ukadzakhazikika udzamufunefune." Anati sapita. Ndinatulutsa mawu anga a pabwalo la sukulu, amene amaimitsa ana mazana, mpaka Sisitala Edith anasuzumira. Ndamupatsa juzi yanga ndi nsapato zanga za kuntchito. Ine sindikuyendanso.

Tsopano za malowo. Kopeli a Gilibati angathe kuliwerenga. Atsibweni angandipanikize mpaka nditope, ndipo masiku oipa ndimalankhula chilichonse. Ndiye dzinalo ndalisiya m'mutu mokha, m'mene simugona kanthu masiku awiri. Matendawa andilanda zambiri, lero andigwirireko ntchito.

A Nachisale ndinawapempha atembenukire kukhoma pamene timakambirana. Anati, "Aphunzitsi, ine makutu anafa kalekale ndi jakisoni." Kwa munthu wa pakamwa ngati iwo, imeneyo ndi nsembe yaikulu.

Lachisanu, 6 Juni

Wapita. Anayamba wandisambitsa, anandiluka tsitsi tiwiritiwiri kuti lisawavute amayi, anaphika phala lolimba bwino. Amayi atapita kukafuna nkhuni, anatenga ndowa ngati akupita kumjigo. Ndinamutsatira ndi maso pazenera mpaka anasanduka awiri. Onse awiri sanacheuke, monga ndinamuuzira.

Dzina la malowo ndikulikumbukirabe. Ndikuopa kuti mwina ichi chokha mutu wanga uchisunga. Ndakhala ndikunena matebulo a masamu chamumtima kuti ndisaliganize.

Amayi afunsa. Ndati ndamuthamangitsa ndine. Anakhala pansi n'kufunda chitenje kumutu.

Lolemba, 9 Juni

Akuti Loweruka ndinagwa kawiri. Lilime latupa. Awonjezeranso fenobabitoni, ndikungosinza.

Abwera a Gilibati ndi atsibweni. Akuti afunsa kumudzi, pasiteji ya Nathenje, kwa ahedi, mpaka ku msika wa Mitundu. Atsibweni anaima kumiyendo kwa bedi.

"Iwe Anna, mwana wamupititsa kuti?"

"Sindikudziwa."

"Bodza. Dzana lomweli adokotala amati mutu wako uli bwino."

"Inu munati ndapenga. Sankhani chimodzi."

Anatukwana mpaka Sisitala Edith anawatulutsa. A Gilibati sanakweze mawu. Anasolola kopeli pansi pa pilo n'kukaliwerenga ataima pazenera, tsamba ndi tsamba, chala chikutsata mizere. Sindinawaletse, mphamvu yake ndilibe. Anawerenga mpaka kumapeto, anabwereranso pakati, anakhala pamenepo nthawi yaitali. Kenako analibweza pansi pa pilo.

"Mwandilemba ngati chilombo."

Ndinati ndalemba zimene ndinaona, ndipo za mbatata ndi nkhuku zilimonso.

Ali pakhomo anatembenuka. "Yankho akufunsa kuti amayi aang'ono abwera liti. Ndinamuuza kuti Loweruka."

Zimenezo zandipweteka kuposa matukwano a atsibweni.

Lachinayi, 12 Juni

Amayi akuyesetsa. Kunditembenuza sangathe okha, amadikira mwana wa a Nachisale akamaliza za amayi ake. Lero ndinadziipitsira ndipo ndinakhala choncho mpaka masana. Pathako payamba chilonda, akuikapo mankhwala ofiirira. Phala la amayi ndi lopanda mchere, sindinadandaule.

Lamulungu, 15 Juni

A Nachisale akuti m'mawa uliwonse ndimadzuka ndikuitana Jenifa, ndikukalipa kuti madzi achedwa. Iwo amati, "Aphunzitsi, werengani kope lanu." Ndiye ndimawerenga kuyambira koyamba, pang'onopang'ono, diso limodzi. Ndikafika pamene wapita ndimalira ngati ndangomva kumene. Kenako mtima umakhala pansi. Lero zachitikanso chimodzimodzi.

Amayi anandipukuta kumaso ndi kansalu. Aonda. Atamaliza sanachoke, anaweramira pafupi ndi khutu langa lomwe likumvabe.

"Anna, ndiuze ine ndekha. Atsibweni ako sindiwauza, ndikulumbira. Sindikamutenga ayi. Ndingofuna kudziwa ngati kumeneko akudya."

Ndinawakhulupirira. Ndinatseka maso n'kufunafuna ndi mtima wonse, chifukwa nanenso ndimafuna kudziwa. Ndinafuna nkhope ya mlendo uja, dzina lake, ngakhale mbali imene basi inalowera. Mulibe.

"Amayi, sindikudziwa."